Tifunseni za Mano: dzino limodzi lomweli, bwanji mitengo itatu?

FUNSO: Adokotala, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe ndipo ndimagulitsa kaunjika. Dzino langa lakumapeto chakumunsi linabooka kalekale koma mwezi watha ndiye linandizunza, usiku onse ndili tsonga nditagwira tsaya, panado osaphula kanthu. Ndinapita kukiliniki ina yapulaiveti anati kuzula K40,000, kwina anati ayambe ajambula kaye kenako K95,000 poti ati ndi kaopaleshoni, kwachitatu anati lisazulidwe alikonze mitsempha koma atatchula mtengo ndinangodzuka mwakachetechete, unali woposa mpamba wanga wa geni. Kodi anthuwa amayang'ana kavalidwe ka munthu nkumatchula mtengo? Kapena alipo amene amawaikira? Mayi wodandaula, Area 25.

YANKHO: Pepani kwambiri mayi, ululu wa dzino ndi wina, umafika mpaka kukhutu ndi m'mutu monse, ndiye kuyenda makiliniki atatu muli nawo sizinali zamasewera. Koma ndiyambe ndi ichi: simunauzidwe mitengo itatu ya chinthu chimodzi, munauzidwa mitengo ya ntchito zitatu zosiyana, kungoti palibe amene anakhala nanu pansi kukufotokozerani, ndipo kumeneko ife a mano timalakwitsa kwambiri.

Munazulapo chinangwa eti? Dothi likakhala lofewa mumangogwira tsinde nkukoka chonse chatuluka, koma pouma chimaduka, china nkutsalira pansi, muyambe kukumba ndi khasu. Dzino ndi chimodzimodzi. Lakutsogolo lili ndi muzu umodzi wowongoka, lotafunira lakumunsi limakhala ndi mizu iwiri, lakumwamba itatu, ndipo lakumapeto kwenikweni lija limamera munthu atakula kale nthawi zambiri limabwera mopendekeka kapena lagona chammbali mkati mwa fupa, mizu yake nkupindika ngati mbedza. Loterolo suligwira ndi chozulira nkungokoka ayi, pamafunika kung'amba nkhama pang'ono, mwina kupala fupa, kulidula dzinolo zidutswa ziwiri kapena zitatu, kenako kusoka. Komanso pansi pa mizu yake pamadutsa mtsempha umene umapangitsa kuti mlomo wakumunsi uzimva, ukavulala munthu amakhala ndi dzanzi pamlomo miyezi ndithu. Ndiye amene anati ajambule kaye sikuti amafuna kukudyerani, amafuna aone mizu yagona bwanji asanaike mpeni. Woyamba uja anatchula mtengo wa kuzula wamba, ndipo funso lofunika kumufunsa linali lakuti likaduka pakati mtengo ukhala womwewo kapena muonjezera?

Wachitatuyo ndi nkhani ina, amanena zomwe amati root canal. Amaboola dzino, nkulowetsa tizitsulo toonda ngati singano m'timipata ta m'mizu kuchotsa mtsempha wowola, kutsuka ndi mankhwala, kuyeza kutalika kwake pojambula, nkutseka. Dzino lakutsogolo kampata kamakhala kamodzi, lotafunira timakhala titatu kapena tinayi, tina topapatiza moti kukapeza kokha mphindi zimatha, ndipo mumabwera kawiri kapena katatu. Pamapeto pake dzinolo limakhala losachedwa kusweka ndiye pamafunika kulivindikira ndi chomwe amati crown, chimene dokotala sapanga yekha, amatenga chikombole cha mano anu nkutumiza kulabu, ndipo labuyo nayo imalipiritsa payokha. Mtengo munauthawa uja ndi maola a munthu, labu, ndi zipangizo pamodzi.

Tsopano za amene amaika mitengo. Kuzipatala zaboma monga ku Kamuzu Central, ku Queens ku Blantyre, ku Zomba ndi ku Mzuzu Central komanso zipatala zamaboma, chithandizo cha mano ndi chaulere ku mbali ya anthu onse, boma ndiye limalipira ndi misonkho yathu, vuto ndi mzere wautali komanso nthawi zina zomatira mano zikatha chotsala chimangokhala kuzula. Zipatala zamishoni za pansi pa CHAM zimalipiritsa koma mochepera. Kupulaiveti mwini kiliniki amawerengera yekha, lendi, malipiro a antchito, zipangizo, ngongole ya mpando uja, nkuikapo phindu lake. Ndiye amene akuchita lendi ku City Centre sangafanane ndi amene ali ndi kachipinda ku Mchesi, ngati mmene diresi lomwelo limasiyanira mtengo pamsika wa Tsoka ndi m'shopu ya magalasi.

Ndipo inu a kaunjika mukudziwa bwino mmene belo linakwerera kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Ifenso ndi momwemo, mwinanso kuposa, chifukwa pathebulo paja palibe chopangidwa kuno. Kabotolo kakang'ono ka mankhwala a dzanzi, singano yake, magolovesi, chomatira choyera chija, filimu yojambulira, zonse zimachokera kunja, ku South Africa, ku India, ku China, ku Ulaya, ndipo woitanitsa akasowa madola kubanki amakawapeza modula, mtengowo umathera pa dzino lanu. Onjezani magetsi, akathima mpando sukwera, choboolera sichizungulira, chophikira zida sichigwira, ndiye jenereta ilire ndi dizilo amene munthu wagonera pamzere.

Chophikira zidacho ndichitchule bwino poti ndi ndalama imene odwala saiona. Tsiku lina mukadzakhala pampando mudzayang'ane, zida zimayenera kubwera zili m'kapepala komata, nesi nkung'amba inu mukuona, ndipo pakapepalapo pamakhala kachizindikiro kamene kamasintha mtundu zikaphikidwa mokwanira ndi nthunzi m'makina otchedwa autoclave. Tizipepala timeneto timagulidwa, makinawo amadya magetsi ndi madzi oyeretsedwa mwapadera. Amene amazula mano m'misika ndi m'makwalala pa mtengo wa fanta amadumpha zonsezi, nchifukwa chake amatchipa, ndipo chitsulo chochoka mkamwa mwa wina nkulowa mwanu chisanaphikidwe chingakupatseni matenda a chiwindi a Hepatitis B. Ndaonapo anthu atabwera tsaya litatupa mpaka kukhosi, kukamwa kosatseguka, muzu unatsalira mkati, zimandiwawa kwambiri chifukwa amadzalipira kuposa zomwe ankathawa ndipo ena amagonekedwa.

China ndi amene akukugwirani. Ambiri amene amathandiza anthu m'zipatala zamaboma ndi ma dental therapist ophunzira ku Malawi College of Health Sciences, amazula, amamata, amatsuka mano ndipo amagwira ntchito yotamandika. Madokotala a mano a digiri ndi ochepa, cha mu 2018 dziko lonse analipo osakwana 50 ndipo onse anakaphunzira kunja, sukulu yathu yoyamba inatsegulidwa mu 2019 ku College of Medicine komwe pano ndi KUHeS, mothandizana ndi University of Glasgow. Akatswiri a maopaleshoni a nsagwada kapena oika mawaya owongola mano ndiye ndi owerengeka ndi zala. Chinthu chikachepa pamsika mukudziwa chimene chimachitika.

Koma sindikubisirani, alipo ena amene amakweza mtengo akaona kiyi wa galimoto, ndipo amenewo ndi olakwa. Dzitetezeni chonchi, musanakhale pampando nenani kuti "ndilembereni kotesheni", alembe kuonana ndi dokotala zingati, kujambula zingati, ntchitoyo zingati, mankhwala akunyumba ali momwemo kapena ayi, kubweranso kudzachotsa ulusi nkolipira kapena ayi. Funsaninso ngati pali njira ina yotsikirapo. Woona mtima sakwiya ndi mafunso amenewa. Lisiti musalisiye, ndipo ngati mukukayika ngati munthuyo ndi wovomerezeka, onse ogwira ntchito ya mano amayenera kukhala m'kaundula wa Medical Council of Malawi, nkomwenso mungakadandaule. Kwa inu panopa, ngati ndalama palibe, lawirirani mmamawa ku dipatimenti ya mano ku Kamuzu Central mutatenga chithunzi chija ngati munajambulitsa, ndipo tsaya likayamba kutupa, thupi kutentha kapena kumeza kukavuta musadikirenso kuche.

FUNSO: Achimwene, ndimadulidwa ya MASM mwezi ndi mwezi kuntchito koma nditapita kukamatitsa mano awiri anandiuza kuti pali shortfall ndilipire ndekha. Nanga ndimadulidwiranji? Komanso anandifunsa kuti mukufuna chomatira chanji, choyera kapena chakuda, mitengo yosiyana. Bambo wa ku Chilomoni.

YANKHO: Bambo, ma medical aid onse amakhala ndi mndandanda wawo wa mitengo, amati kumata dzino ife timalipira mwakuti, ndiye kiliniki ikatchaja kuposa pamenepo chotsalacho ndi chanu, ndiyo shortfall imeneyo. Komanso zimatengera sikimu imene muli, poti Econoplan, Executive ndi VIP sizifanana, ndipo za mano zimakhala ndi malire ake pachaka. Imbani kuofesi kwawo musanapite muwauze ntchito imene mukukachititsa, akuuzeni gawo lawo ndi lanu, ntchito zikuluzikulu amafunanso kuvomereza kaye.

Za chomatira, chotuwa ngati siliva chija ndi amalgam, ncholimba, chimalowa msanga ndipo chimapirira ngakhale pali malovu pang'ono. Choyeracho ndi composite, chimafanana ndi dzino koma chimafuna pouma kwambiri, amaika pang'onopang'ono uku akuumitsa ndi kagetsi ka buluu, ndiye nthawi ndi yambiri ndipo kachubu kake nkodula. Mtengo umatengeranso kukula kwa bowo, kabowo ka pamwamba pokha sikafanana ndi limene ladya mbali ziwiri kapena zitatu za dzino, ndiye musadabwe mano anu awiriwo akakhala ndi mitengo yosiyana palisiti limodzi.

FUNSO: Adokotala, ndimagwira ntchito yosamala okalamba ku Leeds. Kuno ndamva kuti boma limaika mitengo ya mano koma ine anandiuza ndalama zoopsa. Ndidikire ndidzapangitse kumudzi pa holide ya December? Chemwali wa ku Leeds.

YANKHO: Chemwali, zonse ziwiri nzoona. Ku England ukalandilidwa pansi pa NHS, ndondomeko ya zaumoyo ya boma la kumeneko, mitengo ili m'magulu atatu oikidwa ndi boma, mu April 2025 inali £27.40 pa kuyezedwa ndi kujambula, £75.30 pa kumata, kuzula ndi root canal, ndi £326.70 pa crown kapena mano oikirira, ndipo umalipira gulu limodzi pa chithandizo chonsecho ngakhale amate mano atatu. Vuto ndi kupeza kiliniki imene ikulandira anthu atsopano a NHS, zambiri zimati malo adzaza koma apulaiveti alipo, ndiye mwina inu munauzidwa mtengo wapulaiveti umene kiliniki imaika yokha. Afunseni mwachindunji kuti mtengowu ndi wa NHS kapena ayi, ndipo ngati dzino likuwawa kapena latupa imbani 111 akupezereni malo a mwadzidzidzi.

Zobwera nazo kumudzi zimatheka ndipo ambiri amatero, koma werengani masiku. Kutsuka mano, kumata ndi kuzula zimatheka pa holide ya masabata awiri. Root canal ndi crown zimafuna maulendo angapo komanso kudikira labu, ndiye lankhulani ndi kiliniki ya kuno musanagule tikiti, akupatseni tsiku m'sabata yoyamba mukangofika, poti chakumapeto kwa December malabu ambiri amatseka. Ndipo mukamabwerera mutenge zithunzi ndi kalata yofotokoza zimene anachita, kuti likadzavuta muli uko dokotala wa ku Leeds adzadziwe poyambira.