Musachoke pagulu chifukwa cha anthu oputa dala

Achimwene, mwati munafunsa za laputopu yanu yakale imene ikukana Windows 11, koma m'malo mokuthandizani anthu anayamba kutukwanana: uyu akuti ogwiritsa ntchito Windows ndi mbuli, uyo akuti Linux, sisitimu ina yoyendetsera kompyuta m'malo mwa Windows, ndi ya anthu osowa chochita, wa Mac nayenso akuti gulani chinthu chenicheni musiye kulira. Ndiye mukufunsa ngati muziwayankha kapena mungochoka pagulu pano. Musachoke, chonde. Zimandiwawa kuona munthu wobwera ndi funso labwino akubwerera chimanjamanja, atanyozedwanso pamwamba.

Kutsutsana pakokha si vuto. Mu Januwale 1992, Andrew Tanenbaum, mphunzitsi wa payunivesite ku Amsterdam amene anapanga MINIX, sisitimu yaing'ono yophunzitsira za makompyuta, analemba poyera kuti Linux ndi yachikale. Linus Torvalds, mnyamata wa ku Helsinki amene anali atangoitulutsa mu 1991, anayankha mokalipa, kenako anapepesa chifukwa cha mawu ake. Koma taonani chimene ankalimbirana: phata la sisitimu, lija amati kernel. Tanenbaum ankati ligawidwe m'tizigawo ting'onoting'ono kuti kena kakafa kasagwetse tinzake. Torvalds anamanga lake ngati chinthu chimodzi chachikulu, chifukwa ankafuna loyenda mwachangu pa kompyuta imene anali nayo. Aliyense ankapereka zifukwa, ndipo mpaka lero ophunzira za makompyuta amawerenga mkanganowo n'kutolapo nzeru. Mu 2004 kutamveka zoti Torvalds anakopera MINIX, amene anaimirira n'kumuikira kumbuyo anali Tanenbaum yemweyo.

Woputa dala ndi munthu wina. Iye safuna kuti mudziwe kanthu, amafuna mtima wanu ukwere kuti aone mayankho akuchuluka pansi pa mawu ake. Kumuzindikira n'kosavuta: mufunseni funso limodzi lenileni, monga "kodi pirinta yanga idzagwira ntchito pa Linux?" Wodziwa zinthu, ngakhale ali wa pakamwa polusa, akufunsani kuti ndi ya mtundu wanji. Woputa abwereranso ku mwano. Mukaona zimenezo musamuyankhenso kachiwiri, mudziwitseni admin, ndipo ngati akukutsatirani m'bulokeni. Kumufotokozera bwinobwino n'kungosonkhezera moto wake.

Ndinene za mbali yanga, chifukwa ine ndimagwiritsa ntchito Linux ndipo ndimaikonda. Tsiku lina mayi wina anafunsa chifukwa chake kompyuta yawo imachedwa kuyaka. Ine ndinayankha mzere umodzi wokha: "Chotsani Windows basi." Anthu anasangalala nalo yankholo, koma mayi aja sanalembenso. Sindinawafunse kuti makinawo ali ndi RAM (memori imene kompyuta imagwirira ntchito ikayaka) yochuluka bwanji, kapena ntchito imene amadyera. Sindinatukwane, komabe ndinawachita chipongwe, ndipo ndimadandaula nazo mpaka pano. Ngakhale Torvalds mwiniwake, mu Seputembala 2018, anavomereza kuti kalankhulidwe kake kankapweteka anzake ogwira nawo ntchito, anapepesa, n'kupuma kaye pafupifupi mwezi wathunthu.

Nanga makampaniwo? Mu 2001 Steve Ballmer, mkulu wa Microsoft panthawiyo, anayerekeza Linux ndi matenda a khansa. Pofika 2016 Microsoft yomweyo inalowa m'bungwe la Linux Foundation n'kukonzanso njira yoyendetsera mapulogalamu a Linux m'kati mwa Windows. Ndipo amene akunyoza Linux pa foni ya Android akulemba mwanowo pa kernel ya Linux.

Tsopano funso lanu lija, poti palibe analiyankha. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, n'chifukwa chake makina akale ambiri akukanidwa ngakhale ali amphamvu ndithu. Musafufute kalikonse kaye. Sungani mafayilo anu pena, ikani Linux Mint, mtundu wina wa Linux, pa fulashi, muyatsire kompyutayo pa fulashipo. Iyenda osakhudza Windows yanu. Yesani Wi-Fi, mawu, kamera ndi pirinta. Dziwaninso zimene okonda Linux ambiri sanena: Photoshop ndi Microsoft Office ya pakompyuta zilibe mtundu wa Linux. LibreOffice, pulogalamu yofanana ndi Office imene imayenda pa Linux, imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, koma nthawi zina matebulo ndi masamba zimasuntha. Ngati ntchito yanu yagona pa mapulogalamu amenewo, kukhalabe pa Windows n'kwanzeru, ndipo wina asakuchititseni manyazi.

Lembani pansipa dzina ndi nambala ya laputopuyo, kukula kwa RAM, ndi mapulogalamu atatu amene mumatsegula tsiku lililonse. Ndikaweruka madzulo ano ndiona, tiyambire pamenepo.