Chifukwa chake mlendo ankagwira ndodo ya batala ku Ireland

Achemwali, mwafunsa ngati n'zoona kuti kale ku Ireland mlendo akapeza mayi akupanga batala sankachoka asanathandizeko. N'zoona ndithu.

Chopangira chake chinali mbiya yamatabwa yaitali, ya chivundikiro choboola pakati. M'bowomo munkadutsa ndodo yokhala ndi kathabwa kunsi. Mayi ankasunga mafuta oyandama pamwamba pa mkaka masiku angapo mpaka asase, n'kuwathira m'mbiyamo, ndiye n'kumakweza ndi kutsitsa ndodo ija ngati akusinja. Phokoso likasintha, timibulu tachikasu n'kuyamba kukakamira kundodo, basi batala wabwera. Mkaka wotsala, wowawasa ngati chambiko, ankadyera mbatatesi kapena kuphikira buledi.

Koma tsiku lina mayi ankatha kusinja mpaka mikono kulema, batala osabwera. Kawirikawiri vuto linali mkaka wozizira kapena wofunda kwambiri, koma iwo ankati wina wamuba mwamatsenga, monga timanenera kwathu za kukawa chimanga. N'chifukwa chake mlendo akalowa ankapempha Mulungu adalitse ntchitoyo, n'kugwira ndodo kangapo, poonetsa kuti sanadze kudzatenga mwayi wa panyumbapo. Moto sunkatuluka m'nyumba, ngakhale woyatsira fodya, mpaka ntchito ithe. Pansi pa mbiya ena ankaikapo khala lamoto kapena chitsulo cha kuphazi kwa hatchi, ena ankawaza mchere kapena madzi odalitsidwa.

Tsiku loopsa kwambiri linali 1 Meyi. Ankati m'mamawa a tsikuli nkhalamba ina imasanduka kalulu n'kukayamwa ng'ombe za anzake. Mlimi akamuvulaza kaluluyo n'kulondola magazi, ankakapeza mayi wina wam'mudzi momwemo ali ndi bala. Nthano imeneyi imandimvetsa chisoni, poti woganiziridwa ankakhala mayi wosauka wokhala yekha.

Musawaone ngati opepera anthuwa. Batala ndiye anali ndalama ya panyumba, yolipirira lendi ya munda kwa eni malo. Ankamulonga m'timigolo n'kupita naye ku misika monga msika wa batala wa mumzinda wa Cork, womwe unayamba mu 1770 ndipo unkatumiza batala kumayiko akutali. Batala akakana kangapo, banja linkagona ndi mantha othamangitsidwa pamalo.

Mwambowu unayamba kuzilala alimi atatsegula mafakitale a mkaka a mgwirizano kuyambira 1889. Nthano zambiri zinapulumuka chifukwa pakati pa 1937 ndi 1939 ana asukulu anatumidwa kukafunsa agogo awo, n'kuzilemba m'makope omwe akusungidwa ku Dublin, likulu la Ireland, mpaka lero.