Funsani Tiyankhe: Kodi a Soviet ankafuna chani kwenikweni kumayiko a anzawo?

FUNSO: Zikomo a mkonzi. Ndine wophunzira wa chaka chachitatu ndipo atipatsa asayimenti ya mmene Soviet Union inkakhalira ndi mayiko ena, koma mutu wandiima. Buku lina likuti anthu aja ankafuna dziko lonse lapansi likhale la chikomyunizimu, lina likuti ayi anali amantha chabe ongoteteza malire awo. Nde zoona ndi ziti? Komanso olemba mabukuwa anazidziwa bwanji poti ku Moscow zonse zinkachitika mwachinsinsi? Wophunzira, Zomba.

YANKHO: Achimwene kapena achemwali, poti simunatiuze, musadandaule, mkangano umenewu maprofesa akhala akukokana nawo kuyambira 1946 pomwe kazembe wa America George Kennan analemba telegalamu yake yaitali ija kuchokera ku Moscow. Ine maganizo anga ndi awa: zonse ziwiri zinalipo, chikhulupiriro ndi mantha, koma tsiku lomwe ziwirizi zawombana, chimene chinkapambana pafupifupi nthawi zonse ndi chitetezo cha boma la Soviet, makomuredi akunja aja azionera okha.

Poyamba penipeni a Bolshevik, chipani cha chikomyunizimu cha Lenin, atatenga boma la Russia mu 1917 sankaganiza nkomwe kuti afunika unduna wa zakunja kwa nthawi yaitali, ankati ogwira ntchito a ku Germany ndi kwina aukira posachedwapa ndiye malire atha basi. Trotsky, yemwe anali woyamba kuyang'anira zakunja, anangotenga mapangano achinsinsi a mfumu ya Russia nkuwasindikiza poyera kuti aliyense aone. Koma pofika March 1918 asilikali a Germany ali pakhomo, Lenin anavomera pangano la Brest-Litovsk nkutaya Ukraine ndi madera a ku Baltic kuti boma lake lingopulumuka. Chaka chotsatira, 1919, anakhazikitsa Comintern, bungwe la zipani za chikomyunizimu, yoti izikoleza moto wa chikomyunizimu kulikonse, ndipo mu 1922 omwewonso anakasainirana ku Rapallo ndi boma la Germany lomwe Comintern inkafuna kuligwetsa. Dzanja ili likupereka moni, linali labisa mpeni kumbuyo, ndipo zinakhala choncho mpaka kumapeto, unduna wa zakunja uku, ofesi ya chipani yoona za zipani zakunja uko.

Tsopano onani amene ankalira zikavuta. Mu 1927 akomyunisiti a ku China anauzidwa ndi Moscow kuti akhalebe limodzi ndi Chiang Kai-shek, mtsogoleri wa chipani china chosakhala cha chikomyunizimu, iye nkuwatembenukira ku Shanghai kuwapha ambirimbiri. Pa 23 August 1939 Molotov, nduna ya zakunja ya Soviet, anasaina pangano ndi Ribbentrop, nduna ya Hitler, ndipo munali kachigawo kachinsinsi kogawana Poland ndi mayiko a ku Baltic, tangoganizani akomyunisiti a ku France omwe zaka zonsezo amatukwana Hitler tsopano auzidwa kuti atonthole. Mu 1944 Stalin ndi Churchill anagawana pa kapepala kuti Romania ikhala mbali ya Soviet, Greece mbali ya Britain, ndipo akomyunisiti a ku Greece atayamba nkhondo yawo Stalin sanawathandize zenizeni. Nasser ku Egypt ankatsekera akomyunisiti mndende kwinaku akulandira zida ndi ndalama zomangira damu la Aswan, mpaka Khrushchev, mtsogoleri wa Soviet nthawi imeneyo, anamupatsa mendulo yapamwamba kwambiri ya dziko lawo mu 1964.

Mantha aja sanali opeka ayi. Hitler atawalowera pa 22 June 1941 anthu pafupifupi 27 miliyoni anafa, nde munthu amene wadutsa zimenezo akamati sindifunanso mdani pamalire anga mumamumvetsa. Vuto nlakuti chitetezo chawocho chinkatanthauza kuti a Poland, a Hungary ndi a Czechoslovakia asakhale ndi ufulu wosankha okha. Hungary itafuna kutuluka mu Warsaw Pact, mgwirizano wa zankhondo wotsogozedwa ndi Moscow, mu 1956 akasinja analowa mu Budapest, mu 1968 akasinja analowanso mu Prague. Nde mu asayimenti mwanu musalembe kuti “ankangodziteteza” ngati kuti ndi nkhani yabwinobwino, funsani kuti ankadziteteza pamsana pa ndani.

Komanso musapite mbali inayo nkumati chikomyunizimu chinali chophimba kumaso chabe. Khrushchev ankakhulupiriradi kuti mayiko omwe akuchoka mu utsamunda apita mbali yawo, nchifukwa chake anatsegula yunivesite ya ophunzira akunja ku Moscow mu 1960 yomwe kenako anaipatsa dzina la Patrice Lumumba. Shuga wa ku Cuba ankamugula mtengo woposa wa pamsika kwa zaka zambiri, wabizinesi weniweni sangapange zimenezo.

Za mmene anthu anadziwira, apa nde pokoma. Nthawi ya Cold War akatswiri a kumadzulo ankachita kulosera. Ankatenga zithunzi za pa perete ya ku Red Square nkumaona kuti ndani waima pafupi ndi mtsogoleri pamwamba pa manda a Lenin, ndani wasunthidwira kumapeto, ankawerenga Pravda, nyuzipepala ya chipani, mzere ndi mzere kufufuza dzina lomwe lasowa. Ntchito imeneyi ankaitcha Kremlinology ndipo nthawi zina ankalasa, nthawi zambiri ankaphonya. Andrei Gromyko anakhala nduna ya zakunja kuyambira 1957 mpaka 1985 koma nkhope yake simukanawerengapo kanthu, azungu anangomupatsa dzina loti Mr Nyet chifukwa chokonda kukana.

Zinthu zinasintha Soviet Union ikugwa. Mu December 1989 nyumba yawo ya malamulo inavomera kuti kachigawo kachinsinsi ka 1939 kanalipodi, atakana kwa zaka 50, mu 1990 anavomeranso kuti akaidi a ku Poland omwe anaphedwa ku Katyn anaphedwa ndi apolisi achinsinsi a Stalin osati a Germany. Itagweratu mu 1991 mafayilo ambiri a chipani anatsegulidwa, ndipo zomwe zinatulukamo zinakhumudwitsa mbali zonse ziwiri. Okonda Soviet anapeza kuti nkhondo ya ku Korea ya 1950 inayamba Stalin atavomereza, ngakhale Moscow inkanena kuti anayamba ndi a kummwera. Odana nayo, omwe ankakhulupirira kuti ku Kremlin kuli pulani imodzi yaikulu yolanda dziko lapansi, anapeza kuti nthawi zambiri anali tiabwenzi tating'ono tomwe tinkakoka chimphonacho, Kim Il Sung wa ku North Korea ndi amene anachonderera Stalin mobwerezabwereza, ndipo Castro anatumiza asilikali ku Angola mu November 1975 asanapemphe chilolezo ku Moscow.

Chitsanzo chomwe ndingakonde mutachigwiritsa ntchito ndi Afghanistan. A Soviet atalowa mu December 1979 ku Washington ambiri anati eee awa akulowera ku mafuta a ku Persian Gulf. Koma zolemba za Politburo, komiti yapamwamba ya chipani, zikuonetsa kuti mu March chaka chomwecho, mzinda wa Herat utaukira, mtsogoleri wa ku Kabul Taraki anapempha asilikali ndipo nduna yaikulu Kosygin anamukanira, Andropov, mkulu wa akazitape a KGB, ndi Gromyko nawonso ankati tikalowa tikamenyana ndi anthu wamba ndipo dziko lonse litiona ngati olanda. Chinasintha nchani? Taraki anaphedwa ndi mnzake wa chipani chomwecho Hafizullah Amin, a KGB nkuyamba kukayikira kuti Amin akhoza kutembenukira ku America, basi pa 12 December madala ochepa anagwirizana pa kapepala kolemba pamanja komwe ngakhale dzina la dzikolo sanalilembe lonse, anangoti “A”. Anatulukamo mu February 1989 atataya asilikali pafupifupi 15,000, osawerengera a Afghanistan omwe anafa kuchuluka kwake kosayerekezeka ndi pamenepo. Zambiri mwa zolembazi zinamasuliridwa mu Chingerezi ndipo zili ulere pa intaneti ku Wilson Center, bando yochepa ikukwanirani. Kungoti dziwani kuti mafayilo a KGB ndi a asilikali ambiri sanatsegulidwe, ndipo mu ulamuliro wa Putin zitseko zina zomwe zinatseguka zatsekedwanso, nde aliyense wokuuzani kuti nkhaniyi inatha kufufuzidwa akukunamizani.

FUNSO: Ine changa nchachifupi. Paja Russia ndi China onse anali akomyunisiti, nanga bwanji ku Zimbabwe wina ankathandiza Nkomo wina Mugabe? Ndipo ife a Malawi tinali mbali iti? Bambo wa ku Mchinji.

YANKHO: Bambo, awiriwa anali pachibale chodana. Mao sanasangalale Khrushchev atanyoza Stalin mu 1956 ndi kuyamba kulankhula zokhala mwamtendere ndi America, mu 1960 Moscow inaitanitsa akatswiri ake onse omwe ankagwira ntchito ku China, ndipo pofika 1969 asilikali awo anaomberana pa mtsinje wa Ussuri. Mkanganowo unafika mpaka kuno kwathu. Moscow inali ndi magulu ake omwe inkati ndiwo enieni, ANC, ZAPU ya Joshua Nkomo, SWAPO, MPLA, FRELIMO ndi PAIGC, nde ZANU itapatuka ku ZAPU mu 1963 khomo la ku Moscow linali lotseka, inapita ku Beijing. A Soviet anabetcha pa hatchi yolakwika, pa chisankho cha 1980 Mugabe anapeza mipando 57, Nkomo 20, ndipo Mugabe anawadikiritsa mpaka 1981 asanavomere ubale wa ukazembe.

Kaunda ankadya uku ndi uku mochenjera. Njanji ya TAZARA yochoka Kapiri Mposhi kukafika Dar es Salaam anamanga ndi a China, mu 1976 anadzudzula a Soviet ndi a Cuba pa nkhani ya Angola powafanizira ndi kambuku wolusa ndi ana ake, koma patangopita zaka zochepa, ndege za Ian Smith zitamuphulitsira mabomba mdziko mwake, anakagula ndege za nkhondo za MiG kwa a Soviet omwewo.

Ife a Kamuzu sankafuna kumva fungo la chikomyunizimu. Imodzi mwa nkhani zomwe zinautsa mkangano wa nduna mu 1964 inali yoti China, kudzera mwa kazembe wake ku Dar es Salaam, inalonjeza mapaundi 18 miliyoni Malawi akaivomereza, a Kanyama Chiume ndi anzawo ankafuna, a Kamuzu anakana. Tinapita ndi Taiwan kuyambira 1966 mpaka kumapeto kwa 2007 nthawi ya a Bingu, ndipo ubale wa ukazembe ndi Moscow unadzayamba Soviet Union itagwa kale. Amalawi omwe anaphunzira kumeneko nthawi imeneyo ambiri anali othawa kwawo, monga a Attati Mpakati a LESOMA, gulu lotsutsa a Kamuzu lomwe linali kunja kwa dziko, omwe anapezeka ataphedwa ku Harare mu 1983.

Amene anaona malire a ubwenzi wa Moscow ndi aneba athu a ku Mozambique. Samora Machel anasaina pangano la ubwenzi mu 1977, zida zinabwera, alangizi a zankhondo anabwera, koma atapempha kulowa mu Comecon, bungwe la zachuma la mayiko a chikomyunizimu, anamukanira chifukwa Moscow inali italemedwa kale ndi Cuba ndi Vietnam ndipo sinkafuna kusenza wina. RENAMO ikuvuta, chilala chikuvuta, mu 1984 Samora anakasaina pangano la Nkomati ndi P. W. Botha wa boma la tsankho la South Africa, chaka chomwecho nkulowanso IMF ndi World Bank. Nkhondo sinathe mpaka 1992, ndipo inu a ku Mchinji, ngati a ku Dedza, Ntcheu ndi Nsanje, mukukumbuka anthu othawa kwawo omwe anafika pafupifupi 1 miliyoni mdziko muno.