Ndalama zakale za m'sutikesi ya agogo: zingagulidwe bwanji?

Amayi ena a ku Zomba andilembera imelo. Akuti pokonza katundu wa malemu agogo awo apeza ndalama zapepala: paundi imodzi yokhala ndi nkhope ya Mfumukazi Elizabeth, K2 ya Kamuzu, ndi mpukutu wa za John Chilembwe. Munthu wina wawauza kuti agula zonse pamodzi. Akufunsa ngati avomere.

Amayi, musafulumire. Wogula mwachigulu amadziwa kuti mumpukutumo muli chimodzi kapena ziwiri zomwe akuzifunadi, zinazo ndi zongoperekeza.

Tiyambe ndi paundiyo. Werengani dzina la banki pamwamba pake. Ngati palembedwa Bank of Rhodesia and Nyasaland, ndi ya nthawi ya chitaganya. Bankiyo inayamba kutulutsa ndalama mu 1956, ndipo inatha chitaganya chitagwa. Zinalipo za mashiling'i 10, paundi imodzi, mapaundi 5 ndi 10. Osonkhanitsa ndalama zakale a ku Zimbabwe, Zambia ndi Britain amazifuna nawonso, motero msika wake ndi waukulu kuposa wa kwacha. Ikwezeni poyang'ana kuwala: mkati mwa pepala muyenera kuoneka mutu wa Cecil Rhodes.

Koma ine imene yandisangalatsa ndi K2 ija. Kwacha inabwera mu 1971, paundi imodzi ikusinthidwa ndi K2, ndipo zoyamba zinali 50 tambala, K1, K2 ndi K10. K2 sinakhalitse: pofika 1973 inasiyidwa, K5 n'kulowa. Ndalama yoyenda zaka ziwiri zokha sipezeka wambawamba. Mukaona 1964 pamenepo musanyengeke ayi. Chimenecho ndi chaka cha lamulo lokhazikitsa Reserve Bank of Malawi, osati chomwe inasindikizidwa.

Za Chilembwe zinayamba mu 1997 ndipo zinasindikizidwa zambirimbiri. Ngati zinayendapo m'misika, sungirani adzukulu basi.

Tsono mtengo. Ukalamba pawokha sugulitsa ndalama. Wogula amayang'ana kusowa kwake ndi mmene yasungikira. Yosapindidwapo, ya ngodya zakuthwa, pepala likali lolimba, imaposa kutalitali inzake ya chaka chomwecho yomwe inamangidwapo pansonga ya chitenje. Mzere umodzi wopindika pakati umatsitsa kale mtengo, nanji kung'ambika, dzimbiri la pini, kapena manambala olembedwa ndi bolopeni. Kampani ya PMG ya ku America imapima zimenezi pa mlingo wofika 70. Apa ndiye ambiri amadzipweteka okha: amaichapa, kuisita, ena mpaka kumata selotepi kuti ioneke bwino. Katswiri amazindikira msanga, chifukwa inki yotumphuka ya pandalamapo imaphwa, ndipo akatero amadula mtengo. Isiyeni ndi litsiro lake.

Kuti mudziwe mtengo weniweni, jambulani mbali zonse ziwiri, mulembe nambala, deti ndi dzina la amene anasaina. Pa intaneti fufuzani nambala yake ya Pick, yomwe osonkhanitsa padziko lonse amatchulira mtundu uliwonse wa ndalama. Kenako onani zomwe zinagulidwadi pa okushoni monga za Spink kapena Noonans ku London. Mitengo yomwe anthu amangolemba pa eBay kapena Facebook ndi zofuna za mwini, aliyense atha kutchula yake.

Pakali pano ikani iliyonse payokha pakati pa mapepala oyera, mosapinda, pamalo opanda chinyezi. Wogula uja mumuuze kuti atchule mtengo wa paundi payokha ndi wa K2 payokha.