Kunyanja kapena kuchilumba cha volcano? Kuyankha mchemwali wa ku Moatize

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina wa ku Moatize, mphunzitsi, akuti wakhala akusunga ndalama zaka ziwiri ndipo maferiya akubwerawa akufuna akayende wapansi pachilumba, koma mutu wazungulira. Anzake akumuuza za Bazaruto ndi Ilha de Moçambique, iyeyo waona zithunzi za zilumba za mapiri ophulika ngati Réunion ndi Fogo ndiye mtima wapita kumeneko. Funso lake ndi lakuti asankhe kuti.

Achemwali, choyamba ndikufunseni, mukufuna kuyenda kapena kukwera? Chifukwa zinthu ziwirizi nzosiyana ndipo anthu ambiri amasokoneza pamenepa.

Zilumba zathu zakugombe nzathyathyathya. Ilha de Moçambique kutalika kwake ndi makilomita atatu basi, mukadzuka mmawa mwaimaliza yonse dzuwa lisanafike pamutu. Malo ake ndi okongola zedi, kuli linga la São Sebastião, nyumba zamiyala zakalekale, ndipo chilumbachi chinali likulu la dziko lino la Mozambique mpaka 1898, bungwe la UNESCO linachiika pa mndandanda wake wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 1991, koma kumeneko mumakaona mbiri, miyendo siimva kanthu. Ku Bazaruto kuliko milu yamchenga ikuluikulu, ine ndinakwerapo umodzi titachoka ku Vilankulo pa boti, ndipo mchenga uja umakubweza, ukaponda kawiri watsetsereka kamodzi, nsapato ndinachita kuvula nkumangirira pachikwama koma pofika 10 koloko mapazi anali akupsa ndinavalanso. Pamwamba pake mbali iyi nyanja yobiriwira mbali inayo timadambo tamadzi ozizira, sindidzaiwala. Komabe ndi ulendo wa ola limodzi kapena awiri, kenako mwabwerera kukasambira. Za ku Ibo ndi Quirimbas panopa ndisakunamizeni, Cabo Delgado kwakhala kuli nkhondo kuyambira 2017, dikirani kaye.

Ndiye ngati mtima wanu uli pa kukwera, yankho langa ndi volcano, sindikuzungulira ayi.

Tiyambe ndi Fogo ku Cabo Verde chifukwa kumeneko Chipwitikizi chanu chigwira ntchito. Pico do Fogo ndi mamita 2,829, ndipo anthu amakhala mkati mwenimweni mwa chigwa cha phirilo, malo otchedwa Chã das Caldeiras. Mu 2014 phirilo linaphulika, chiphalaphala chinakwirira midzi ya Portela ndi Bangaeira, koma eni ake anabwerera nkumanganso pomwepo, amalima mphesa pa dothi lakuda lija nkumapanga vinyo. Mumanyamuka mmamawa ndi wokutsogolerani wa mmudzimo, kukwera ndi maola angapo pa miyala yakuthwa, potsika mumachita kuthamanga mu phulusa lofika mu akakolo. Vuto ndi mtunda, Cabo Verde ili kutali kumadzulo kwa Africa, tikiti ya ndege yokha itha kudya zonse mwasungazo.

Réunion ili pafupi, kummawa kwa Madagascar, ndipo pa nkhani ya njira zoyenda wapansi palibe chilumba choiposa mmbali muno. Piton de la Fournaise, mamita 2,632, ndi limodzi mwa mapiri ophulika pafupipafupi padziko lonse, moti nthawi zina njira amatseka. Kuli Piton des Neiges lopitirira mamita 3,000, komanso chigwa cha Mafate komwe kulibe msewu ngakhale umodzi, anthu amalowa wapansi kapena pa helikopita, mumayenda mudzi ndi mudzi nkumagona mmanyumba a alendo. Koma ndi dziko la France limenelo, ndalama ndi euro, chilankhulo Chifalansa, ndipo viza yake ndi yapadera, yosiyana ndi ya Schengen yolowera mmaiko ambiri a ku Ulaya, muyambe mapepala kudakali miyezi ingapo.

Ine ndikanakhala inu ndikanayang'ananso Karthala ku Comores, pakati pa ife ndi Madagascar pomwepa. Ndi mamita 2,361, mumayamba mu nkhalango yonyowa nkukatulukira pa chigwa chachikulu cha phulusa, ambiri amagona usiku umodzi mu tenti. Ndi dziko la Asilamu ndiye kapulana musasiye, mmidzi mukavale modzilemekeza.

Tsopano chimene chikundidetsa nkhawa pa imelo yanu ndi ichi, simunatchule kuti munakwerapo phiri lililonse. Ife a kumunsi kwa Zambezi tinazolowera kutentha kwa madigiri 40 ndiye timaganiza kuti thupi ndi lolimba, koma pamwamba pa mamita 2,000 nkhani imasintha, mpweya umachepa ndipo usiku kumazizira mpaka zala kuuma. Musanalipire tikiti ina iliyonse kwerani chapa ya ku Ulongwe, mukayese phiri la Domwe, kenako muwoloke malire pa Calomue mukakwere la Dedza, mukafuna zenizeni pitani ku Mulanje komwe nsonga ya Sapitwa ndi mamita 3,002. Pamenepo ndi pamene mudziwe ngati mawondo anu akuvomera kutsika, chifukwa kutsika ndiye kumapweteka kuposa kukwera. Nsapato zimene mudzapite nazo zikhale zomwezo mwayesera kuno, mwala wa volcano umadya nsapato zofewa tsiku limodzi, ndipo zatsopano zimatulutsa matuza.

Za nyengo, zilumba za mu Indian Ocean muno zonse, zakugombe ndi zamapiri zomwe, kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nthawi ya anamondwe, Idai wa 2019 ndi Freddy wa 2023 tonse tikukumbuka. Ndikudziwa kuti aphunzitsi tchuthi chanu chachikulu chimagwa Disembala ndi Januwale, ndiye ngati simungathe kusuntha masiku afike pakati pa Meyi ndi Okutobala, Fogo ndi amene akuyenerani chifukwa kumeneko mu Disembala ndi Januwale kumakhala kouma. Mundilemberenso mukabwerako ku Domwe, mundiuze maola amene munatenga, tiwerengere limodzi bajeti yake.