Za kuyeza mkodzo wa mwana pofufuza utsi

Achemwali, kalata imene akupatsaniyo, yopempha chilolezo choti ofufuza za utsi ayeze mkodzo wa mwana wanu, inenso ndinaisainira mu Juni 2023, mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 4, ndipo ndikaikumbukira mtima umandiwawabe. Ofufuzawo anadzera kukireshi. Anatipatsa kabotolo ka chivindikiro chofiira koti titapiremo mkodzo woyamba wa m'mawa, natifunsa zimene timaphikira, ngati m'nyumba muli wosuta fodya, komanso ngati mwana anadya nyama yootcha dzulo lake. Funso la nyamalo linandidabwitsa, koma mtsikana amene ankalemba anandifotokozera kuti utsi wa malasha, nkhuni, parafini ndi dizilo uli ndi mankhwala otchedwa PAH, ndipo amodzi mwa iwo, pyrene, thupi limawasandutsa 1-hydroxypyrene amene amatuluka mumkodzo. Nyama yootcha ndi nsomba zowamba, ngakhale mlamba umene abale amatitumizira pa basi kuchokera kumudzi, zimakwezanso nambala ya mankhwalawa mumkodzo. Amayezanso chinthu china cha mumkodzo chotchedwa creatinine kuti adziwe ngati mkodzo wasungunuka ndi madzi akumwa, ndipo utsi wa fodya amauzindikira ndi china chotchedwa cotinine.

Kulakwa kwanga kunali kuganiza kuti mwana wayezedwa monga amachitira kuchipatala, ndiye ndinakhala phee kudikira kuti andiuze ngati chipinda chathu chinali choopsa. Chonsecho mankhwalawa sakhalitsa m'thupi. Mkodzo umangoonetsa zimene zinalowa tsiku limodzi kapena awiri apitawo, ndipo sunena kuti mwana akudwala kapena ayi.

Sabata imene kunagwa sinowo muno mu Johannesburg, pa 10 Julayi, magetsi anazima madzulo ndipo kachipinda kathu ka malata ku Alexandra kanazizira ngati mufiriji. Ndinayatsa mbaula panja, utsi utatha malasha atafiira bwino ndinailowetsa, ndipo pansi pa chitseko ndinatsekapo ndi thawulo kuti mphepo isalowe. Ndinkaganiza kuti choopsa ndi utsi wooneka ndi maso. Pakati pa usiku ndinadzidzimuka mutu ukundiwawa ngati akuumenya ndi nyundo, ndipo nditamugwira mwana ndinapeza wasanzira pa bulangeti, khosi lili lende, ndikamuitana akungotsegula maso pang'ono n'kutsekanso. Poimirira miyendo inakana, moti ndinachita kukwawa mpaka pachitseko ndikumukoka ndi dzanja limodzi, ndipo loko ndinalimbana nayo nthawi yaitali chifukwa zala zinalibe mphamvu. Amayi a chipinda choyandikana ndi chathu ndi amene anamva kukuwa kwanga, nadzutsa mwana wawo amene ali ndi galimoto. Njira yonse ndinkamuitana dzina kuti asagone, ndili wopanda nsapato, chitenje chokha pamwamba pa zovala zogonera. Kuchipatala tonse awiri anatiika pa okosijeni mpaka kunja kunacha, ndipo adokotala anati unali mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Umenewu amauyeza m'magazi, ndipo mu kabotolo kaja sukanaonekamo ngakhale zotsatira zikanabwera tsiku lomwelo.

Amene sindinamukhululukire mpaka lero ndi landilodi wathu wa nthawi imeneyo. Anatiletsa hita ya magetsi ponena kuti tikumutherera mayunitsi, pamene ndalama ya magetsi tinkamupatsa mwezi uliwonse, ndipo ndi iye yemwe anatiuza kuti aliyense pabwalopo amagona ndi mbaula. Loweruka lililonse ankawotcha mawaya kuseri kwa zimbudzi kuti achotsemo kopa wokagulitsa, utsi wakuda bii n'kumadzaza pamene ana ankasewera. Titabwerako kuchipatala sanafunse n'komwe za mwana. Mawu ake oyamba anali akuti ndikanamuwotchera nyumba, ndipo ngati sindikukondwa ndibwerere ku Malawi. Ofufuza aja nawonso sanabwerenso, nambala imene inali pakalata inkangoitana osayankhidwa, moti mpaka pano sindikudziwa chimene anapeza mumkodzo wa mwana wanga.

Komabe, achemwali, inu vomerani kuti amuyeze. Sizipweteka, palibe jakisoni, ndipo popanda manambala otere akuluakulu savomereza kuti ana a m'makomboni akupuma zoipa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni mu 2020, ndipo oposa 237,000 mwa iwo anali ana osakwana zaka 5, komanso utsi wa malasha oyatsidwa m'nyumba uli m'gulu la zinthu zimene zinatsimikizika kuti zimayambitsa khansa. Musanasaine afunseni dzina la komiti imene inavomereza kafukufukuyo, ngati zotsatira za mwana wanu adzakupatsani zolembedwa, ndiponso kuti mkodzo wotsala adzausunga kapena adzautaya. Muli ndi ufulu wotuluka nthawi iliyonse. Nkhani ya nyama muyankhe zoona, chifukwa mukabisa, nambala yokwera adzainamizira mbaula.

Koma musadikire pepala lawo monga ndinachitira ine. Mbaula isagone m'nyumba ngakhale malasha atafiira chotani, ndipo mukamayatsa panja yesani njira imene kuno amaitcha basa njengo magogo, yoika malasha pansi, mapepala ndi tinkhuni pamwamba, n'kuwonjezera timalasha tochepa moto ukagwira, chifukwa imachepetsa utsi kwambiri. Ine tsopano ndimagwiritsa ntchito hita ya gasi, zenera lili lotsegula pang'ono, ndipo ndimaizimitsa tisanagone. Mwana akadandaula mutu kapena kusanza m'chipinda muli moto, mutulutseni kaye panja, kenako muthamange naye kuchipatala ndipo mukanene kuti munali mbaula.