Ma lymphocyte tizingoti asilikali a m'thupi?

Funso: Ndikumasulira kapepala ka zaumoyo ndiye ndakumana ndi mawu oti lymphocytes. Anzanga akuti ndingolemba kuti asilikali a m'thupi basi. Zili bho?

Yankho: Achemwali, anzanuwo sanalakwitse kwenikweni, mawuwa aliyense amawamva, koma vuto lake amanyamula zambiri. Maselo oyera onse a m'magazi ndi asilikali, pomwe awa mukufunsawa ndi gulu limodzi chabe, pa maselo oyera 100 iwowa amakhalapo 20 mpaka 40. Komanso pa nkhani ya HIV munthu akati asilikali anga achepa amakhala akunena CD4, maselo aja amawerenga kuchipatala poona mphamvu ya chitetezo, ndiye wowerenga wanu atha kuganiza kuti kapepalako ndi ka Edzi pomwe ayi.

Ine ndingalembe malimfosaiti, n'kufotokoza kamodzi koyambirira kuti ndi mtundu wa asilikali a m'thupi, kenako kumangopitiriza. Amayenda ngati mawu oti maselo: malimfosaiti awa, ambiri, achepa.

Mudzaona ubwino wake mukafika pa mitundu yawo, poti ilipo itatu. Malimfosaiti a B amakhwimira m'mafuta a m'mafupa ndipo ndi amene amapanga ma antibodi omwe amakakamira tizilombo. A T amabadwira komweko koma amakakhwimira mu thymus, kachiwalo ka kuseri kwa fupa la pachifuwa, ena mwa iwo amapha maselo omwe alowedwa ndi kachilombo, ena ndi a CD4 aja, ntchito yawo kudzutsa ndi kutsogolera anzawo. Achitatu ndi a NK, awa sachita kudikira kuti amudziwe kaye mdaniyo. Tsono tayesani kulemba zonsezi ndi mawu amodzi, mupezeka mwalemba kuti asilikali amauza asilikali kuti athandize asilikali, amva ndani? Nkhani ya katemera nayo imafuna muwatchule bwino, chifukwa amene amakumbukira kachilombo kwa zaka ndi a B ndi a T.

Samalaninso ndi mneni. Chitetezo chimatsika, asilikali amachepa chifukwa amawerengeka, munthu wathanzi CD4 yake imakhala cha pa 500 mpaka 1,500 ndipo ikapita pansi pa 200 ndiye zavuta. Pocheza timasakaniza, palibe mlandu, koma polemba ine ndimasiyanitsa.

Funso lina lachidule: nanga lymph node?

Apa musavutike n'kubwereka, tili ndi mwanabere, kachotupa kaja ka m'khwapa, m'khosi kapena mphechepeche. Kungoti ife timamutchula akatupa, pomwe timfundoto timakhalapo nthawi zonse, ndipo kutupako nthawi zambiri ndi malimfosaiti akuchulukana mkatimo polimbana ndi matenda. Pakapepala panu lembani kuti timfundo ta anabere, kuti owerenga asaganize kuti mukunena zotupa zokha.